Kayaki ya Mpando Umodzi

Lolemba

Achimwene a Lameki aimba foni m'mawa. Akubwera Lachisanu kuchokera kwathu ku Chisi, kudzaonana ndi dokotala wa maso. Agona kuno mpaka Lolemba linalo.

Ndikuwafunsa za kumudzi. Akuti nyanja ya Chilwa yathawa, pamene tinkakocheza mabwato paja ana akumenyerapo mpira. Bwato lawo lagona pamatope ouma, nkhuku zikuikiramo mazira. Kenako akuti, "Maso ndiye akupita, koma chimene ndasowa ine ndi madzi. Chaka chachiwiri chino osamva bwato likugwedezeka pansi panga." Akuseka. Ine kuseka kwandikanika.

Munthu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa sukulu ndi matemba. Iwo pamadzi, ine pa desiki kuno ku Zomba. Ndayendetsa galimoto za kukoleji zaka makumi atatu, ndapuma, ndipo chinthu chachikulu chimene ndinawagulirapo ndi wailesi. Manyazi andigwira lero.

Ndiye ndaganiza. Pamwamba pa phiri pali madamu, ndipo madzi ake sathawa. Loweruka ndiwakweza bwato achimwene, maso asanatsekeke.

Bwato la mtengo sungakwere nalo phiri. Pafunika kayaki, timabwato tapulasitiki towonda tija timamangidwa pamwamba pa galimoto za alendo.

Kayaki imene ndikufuna:
1. Ya mipando iwiri.
2. Yosagubuduzika.
3. Yopepuka. Msana wanga si wa dzana.
4. Yotchipa.
5. Yotchipa ndithu.

Amayi a Tadala ndawauza masana. Ayang'ana kudenga nthawi yaitali. "Nkhani ndi yabwino," akutero, "koma ndalama ya feteleza musaiyandikire." Ndatsala ndi imene timasungira sofa yatsopano. Yakaleyi ikhoza kupirira chaka china, bola munthu azidziwa mbali yokhala.

Akundifunsanso kuti bwato ndinaliyendetsa liti komaliza. Ndawayankha kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. "Tsobola wakale sawawa," akutero. Nsanje chabe. Iwo ndi a kumtunda, madzi amawadziwira mu ndowa. Ine ndine mwana wa pa Chisi.

Lachiwiri

Mwana wathu Tadala wanditumizira zithunzi pa foni kuchokera ku Lilongwe. Makayaki alipo a mitundu itatu: yolowetsa miyendo m'kati, yokhala pamwamba, ndi yopopa ngati tayala. Akuti wophunzira kumene asankhe yaifupi ndi yotakata, chifukwa yaitali yowonda imathamanga koma sichedwa kukutaya.

Ndamuuza kuti ine si wophunzira kumene. Wangoyankha ndi kachithunzi ka munthu woseka mpaka misozi. Ana a masiku ano.

Mitengo yake. Ya mipando iwiri yatsopano ikufanana ndi njinga yamoto ya kabaza. Ya mpando umodzi, theka la njinga yamotoyo. Nkhafi payokha, jekete yoyandamitsa payokha. Ndayang'ana kawiri, mwina ndawerenga molakwa. Ayi. Ndazimitsa foni, ndamwa madzi.

Masana ndapita ku Chikanda. Kuli mkulu wina wogulitsa katundu wa ku Joni, anthu akuti ali ndi chilichonse. Ndangoti kayaki, iye wati, "Mwafika, bwana." Watulutsa chibokosi pansi pa mashelefu, fumbi lokhalokha. Yopopa. Mtengo wabwino, mtima wanga wayamba kuvina.

Tikupopa ndi pampu ya njinga, iye pang'ono, ine pang'ono. Chikutupa. Chachikasu. Chikutupabe. Kutsogolo kwadzuka khosi. Pakhosipo mutu, pamutupo mlomo.

Bakha!

"Mutuwo ndi wongokongoletsa, bwana, pansipa ndi kayaki yeniyeni."

Ana a kukoleji aima, mafoni m'mwamba. Pabokosi pali chithunzi cha kamwana kovala kabudula wosambira. Ndiyeno kumchira kukumveka kaphokoso, fyiii, ndipo khosi la bakha likuwerama pang'onopang'ono mpaka lagona pa nsapato yanga.

Ndatsanzika mwaulemu. Achimwene saona bwino, inde, koma manja ali nawo. Munthu amene wayendetsa bwato zaka makumi asanu sindingamukhazike pa bakha.

Pa mndandanda wanga ndawonjezera: 6. Yopanda mutu.

Lachitatu

Maganizo atsopano. Bwanji osangokhometsa? Matabwa a paini ali mbwee m'tauni muno.

Ku Likangala kuli a Jailosi, kalipentala wodziwika. Ndawaonetsa chithunzi pa foni, ndajambulanso pansi ndi kamtengo, n'kunena kuti ya anthu awiri, ine ndi achimwene. Akugwedeza mutu. "Iyi si ntchito, bambo. Zoterezi timakhoma tsiku lililonse."

Atenga tepi. Andiuza ndiime mowongoka. Andiyeza kuchokera kumutu mpaka kuphazi, kenako mapewa. Alemba pakhoma ndi pensulo.

"Enawo ndi aatali bwanji?"

Ndikuti ngati ine ndemwe, koma oonda.

"Adwala nthawi yaitali?"

Ndikuti maso okha.

"Pepani. Zogwirira m'mbali mufuna zingati? Nanga chivundikiro, chagalasi kapena wamba?"

Apa m'pamene ndikuyang'ana bwino kuseri kwa shedi. Asanjikiza asanu, aatali, opakidwa vanishi, m'kati nsalu yoyera. Ndimadutsa pano kawirikawiri koma ndimangoona mipando ya kutsogolo ija.

A Jailosi akuti palibe vuto, akhoza kusongola kumutu ndi kumiyendo, m'ming'alu apake phula. Mtengo andichotsera chifukwa chivundikiro palibe. Kunena zoona, ndaima kaye n'kuganizira.

Kunyumba ndalakwa kufotokoza. Amayi a Tadala aika pansi mpeni umene amadulira masamba. "Alamu achoke kuchipatala Lachisanu, inu muwalandire ndi bokosi pakhonde? Mudzi wonse wa pa Chisi udzatiimba mlandu." Akunena zoona. Zimandiwawa akamanena zoona.

Masiku atatu apita. Kayaki palibe. Achimwene aimbanso kufunsa ngati kuno kukuzizira, atenge juzi. Pakamwa panga pandipereka, ndawauza kuti Loweruka akwera bwato pamwamba pa phiri. Kenako akuti, "Usandinamize iwe."

Tsopano ndadzimanga ndekha.

Madzulo mnzanga amene tinkayendetsa naye galimoto wandiuza kuti Dokotala Nachisale, mayi wophunzitsa za nsomba uja, akusamuka ku Masongola ndipo akugulitsa katundu. Ndinkawayendetsa kupita kumitsinje kukatunga madzi m'timabotolo. Pamwamba pa galimoto tinkamanga chiyani? Kayaki! Mutu wanga uli kuti masiku onsewa?

Lachinayi

Ku Masongola m'mawa, nditavala jekete ya kutchalitchi.

Dokotala Nachisale andikumbukira. Andipatsa tiyi pakati pa makatoni. Kayaki ili kuseri, pansi pa mpeyala. Yofiira kale, tsopano yambuu ndi dzuwa. Yaifupi, yotakata, yokhala pamwamba. Ndainyamula mbali imodzi, msana sunadandaule. Mng'alu palibe. Mutu palibe. Chivundikiro palibe.

Mtengo wake, pamodzi ndi nkhafi ndi jekete yoyandamitsa, wapitirira ndalama ya sofa pang'ono.

Vuto lina: mpando ndi umodzi.

Ndayenda mozungulira kawiri. Kenako nzeru zabwera, mpaka ndaseka ndekha. Mpando wachiwiri ndi wa chiyani? Kwathu ku Chilwa woyendetsa bwato sakhala pansi. Amaimirira kumbuyo ndi nsungwi yaitali, n'kumailasa pansi pa madzi, n'kumakankha. Umu ndi momwe tinakulira. Achimwene akhale pampando ngati bwana, ine ndiime kumbuyoku pamene pali malo oika katundu. Basi.

Ndipo ngati ndi choncho, nkhafi ndi ya chiyani? Nsungwi ndi zaulere kumtsinje. Ndawapempha achotse nkhafi, mtengo utsike. Watsika mpaka pa sofa ndendende.

Dokotala andiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, kayaki iyi ndi yabwino kwa munthu woyamba kumene, koma malamulo ake ndi atatu. Mukhale pansi. Muvale jekete. Muyambire pamadzi osaya. Musaimirire, chonde."

Ndikuti zikomo, zikomo kwambiri. Mumtima ndikuti, mayi inu madzi munawaphunzira m'buku, ine ndinabadwiramo.

Jekete ndinafuna achotsenso. Akana. Akuti popanda jekete sagulitsa.

Kufika nayo kunyumba ndi nkhani ina. Kondakitala wa minibasi akufuna ndilipire mipando inayi. A kabaza akungoseka. Mapeto ake ndasenza pamutu, kudutsa mumsika. Wina wafunsa ngati ndi chomwera ng'ombe. Wina wavula chipewa.

Madzulo ndadula nsungwi kumtsinje, yaitali kuposa anthu awiri. Ndaika kayaki pakapinga, ndakwera, ndaima kumbuyo, ndalasa nsungwi pansi. Siikugwedezeka ngakhale pang'ono. Ndaitana amayi a Tadala adzaone.

"Pakapinga mumatha ndithu," akutero.

Lachisanu

Achimwene afika ndi minibasi yoyamba, mdzukulu wawo wawasiya m'manja mwanga pa depoti n'kubwerera. Aonda. Andigwira nkhope ndi dzanja kuti atsimikize, n'kuti, "Wanenepa iwe, ukudya penshoni."

Kuchipatala tsiku lonse. Mzere, benchi, mzere wina. Dokotala waunika ndi katochi nthawi yaitali. Diso lamanzere lapita. Lamanja likutsatira, mankhwala odontheza angolichedwetsa. Ine ndikufunsa mafunso ambirimbiri, za opareshoni, za ku Blantyre, za kunja. Achimwene andigwira bondo. "Usavutitse adokotala. Ndaona zokwanira."

Panjira ndawagwira mkono.

Kunyumba sakufuna tiyi, akufuna bwato kaye. Ndawatsogolera kuseri. Agwada. Akusisita kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, pansi, m'mbali. Akugogoda ndi chala.

"Iwe, ichi ndi chigubu."

Ndikuti ndi kayaki.

"Chigubu chabwino," akutero, akusisitabe. Nkhope yawo yawala. Sofa ndaiiwala.

Ndawapatsa nsungwi. Aiyeza kulemera, aipinda pang'ono pabondo, avomereza. Kenako afunsa, "Damu lakolo ndi lakuya bwanji?"

Ndikuti madzi ndi madzi, achimwene.

Akuti, "Hmm." Atafuna kunena zina, amayi a Tadala aitana kuti madzi osamba afunda.

Zokonzekera mawa:
Kayaki.
Nsungwi.
Jekete (kuti amayi a Tadala asalongolole).
Tiyi mu fulasiki.
Mankhwala a maso.
Che Saidi, oyandikana nawo nyumba, akukwera phiri ndi pikapu yawo kukagula mbatata ya kachewere. Atitenga ulere, bola ndiwathandize kukweza matumba.

Zonse zili m'malo mwake. Zaka makumi atatu pachiwongolero osagunda ngakhale nkhuku, chigubu chingandivute?

Loweruka

Ndikulemba nditafunda mabulangete awiri.

Tanyamuka m'mawa. Achimwene ndi amayi a Tadala kutsogolo ndi che Saidi, ine kumbuyo nditakumbatira kayaki. Nsungwi yatulukira kunja ngati mlongoti. Pokhota paliponse ikukwapula masamba, anyamata otsika ndi nkhuni panjinga akutitukwana.

Damu lalikulu. Lokongola, madzi ali phee. Ndayamba kumasula zingwe, mlonda wafika. "Bambo, awa ndi madzi amene mumamwa kumunsi kuja. Mulibe kulowa munthu kapena bwato." Ndafotokoza za achimwene. Wamva chisoni, koma wakana ndithu. Sindingamunene. Inenso sindingafune kumwa mapazi a munthu.

Watilozera kadamu kena m'kati mwa mitengo ya paini, ka malo ogona alendo. Kumeneko alola, bola jekete. Kamadzi kakang'ono, kakuda bii, kozizira ngati ka mufiriji. Amayi atatu ogulitsa mabulosi asiya mabeseni awo, abwera kudzaonerera.

Ndikuti ndiyese kaye ndekha, achimwene akwere pambuyo. Aka ndiko kanzeru kokha kamene ndachita sabata yonse ino.

Amayi a Tadala andimanga jekete mpaka kupuma kwavuta. Ndakankhira kayaki pamadzi. Ndagwada kumbuyo. Ndadzuka. Mawondo akuvina okha, kutsogolo kwa kayaki kwadzuka m'mwamba. Si pakapinga pano.

Ndalasa nsungwi. Yagunda pansi. Ndakankha. Yayenda!

Kachiwiri. Yayenda. Amayi a mabulosi aomba m'manja.

Kachitatu. Ndatembenuka kuuza achimwene kuti amve mmene mwana wa pa Chisi amachitira.

Kachinayi ndalasa ndi mphamvu zonse, thupi lonse nditatsamira pa nsungwi monga timachitira kwathu. Nsungwi yatsika. Yatsikabe. Pansi palibe. Nsungwi yonse yalowa, manja atsatira, mutu watsatira.

Chubwi!

Kuzizira kwake sindingakulembe. Ndamwa madzi okwana ketulo. Jekete ya Dokotala Nachisale yandikoka pakhosi n'kunditulutsa pamwamba ngati chitsekero cha botolo. Kayaki yagadabuka, nsungwi yatulukira uko pakati, ikuyandama mwamtendere.

Kumtunda ndikumva mawu a achimwene. "Wagwa eti?"

"Agwa, alamu."

"Akupuma?"

"Akutukwana."

Ndiyeno achimwene aseka. Aseka mpaka akhala pansi paudzu, akutsokomola, misozi mbwe. Chibwerereni sindinawamve akuseka chotere.

Ndakoka kayaki mpaka kumtunda, mano akuombana. Achimwene akupukuta m'maso. "Chilwa ndi mbale, iwe. Kulikonse nsungwi imapeza matope. Ili ndi dzenje la pakati pa mapiri. Ndimati ndikuuze dzulo, koma ndinati mwina anthu ophunzira ali ndi nsungwi zina." Amayi a Tadala awonjezera kuti safunsa anadya phula. Sizimafunika.

Ndakhala pamwala. Kuzizira ndi kwina, koma chimene chikundiwawa ndi chakuti ndawanamiza. Nkhafi ndinakana, nsungwi yapita, mpando ndi umodzi. Ndikuti pepani achimwene, tiyeni tizipita.

"Kupita kuti? Ndivekeni chijeketecho."

Ndikuti palibe choyendetsera.

"Miyendo ulibe? Wanyowa kale."

Tawaveka. Ine ndi che Saidi tawakhazika pampando. Ndalowanso m'madzi mpaka m'chiuno, m'mphepete momwe mapazi akugunda pansi, ndagwira kayaki kumbuyo ndi manja awiri. Ndikukankha. Kuchokera pamwala kukafika pabango, kubwerera. Pamwala, pabango.

Poyamba akulamula. "Kumanzere. Usagwedeze. Bwato saligwira ngati wilibala." Kenako asiya. Atsitsa dzanja lamanja m'madzi, zala zikudula madzi pang'onopang'ono. Mutu aweramitsa. Kayaki ikugwedezeka pang'ono pansi pawo, iwo akugwedezeka nayo limodzi, thupi likudziwa lokha.

Palibe woseka tsopano.

Miyendo yanga yafa dzanzi, koma ndikuopa kuyankhula. Tapita ndi kubwerera mwina kakhumi ndi kawiri. Ndikulira, ndipo ndathokoza kuti nkhope ndi yonyowa kale.

Pomaliza atunga madzi m'dzanja, asamba kumaso. "Basi, kocheza."

Matumba a mbatata che Saidi akweza okha.

Lamulungu

Chimfine. Kutchalitchi sindinapite. Amayi a Tadala apita, abwera ndi uthenga woti anthu ambiri akundipatsa moni, ndipo ena akufunsa ngati madzi a kuphiri ndi okoma.

Zomwe ndatsala nazo:
Kayaki imodzi, ili kuseri, nkhuku yayamba kale kuiyendera.
Nsungwi, ili pakati pa damu.
Foni, inali m'thumba. Ili mu mpunga, amayi a Tadala akuti mwina idzuka.
Nsapato imodzi.
Sofa yakale ija, ndakhalapo pano, mbali yolakwika.

Masana kwabwera munthu wa kabaza ndi chinthu chachitali chokutidwa m'nyuzipepala. Nkhafi. Pali kakalata: "Bambo, iyi ndi mphatso. Mukhale pansi." Amva bwanji? Zomba ndi yaing'ono.

Ndapita nayo kwa achimwene pakhonde. Aigwira, asisita mbali zonse ziwiri, akudabwa kuti nkhafi ili ndi mitu iwiri. Ndikuti mukhale sabata ina, ndiphunzire bwinobwino, tifune ya mipando iwiri yobwereka, ndikuyendetseni mpaka pakati.

Apukusa mutu. "Ayi. Madzi ndatsanzikana nawo dzulo. Chimandiwawa n'chakuti anachoka osatsanzika." Andibwezera nkhafi. "Chigubucho phunzira ndiwe. Utakhala pansi."

Ndawadonthezera mankhwala m'diso, ndawapukuta patsaya.

Ndiye ndi zimenezo. Ndimafuna ya mipando iwiri, ndapeza ya umodzi. Ndimafuna kuwayendetsa pakati pa damu, ndawakankha m'mphepete ngati mwana wosewera ndi beseni. Loweruka likubwerali, chimfine chikatha, ndikwera phiri ndi che Saidi kukayamba ngati wophunzira kumene. Tadala ndisamuuze.

Mawa ndiwaperekeza ku depoti. Akuti akafika akauza anthu onse padoko kuti anakwera bwato pamwamba pa phiri, mng'ono wawo akuyendetsa. Zoti ndinagwa akuti sakanena.

Ndimawadziwa achimwene. Akayambira pomwepo.